Seva Yanu Yatisamutsira ku Mozambiki

Kwa Bwana Mkulu wa Makompyuta,
Bungwe la Mjigo Patsogolo,
Ku Likulu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi makina anu onse. Ine ndine Tikhala Sambani, wantchito wanu wamng'ono amene bungwe linamutumiza kuno ku Katuli kuti aziyang'anira mijigo. Pepani kuti ndakulemberani m'nyuzipepala ngati munthu wosaleredwa. Ndikanakonda kukutumizirani imelo mwakachetechete, koma imelo yangayo ndi imene mwaitseka.

Nkhani yake ndi yaing'ono, si yoti n'kukudzutsirani pampando. Mjigo wa pamsika wathu unathyoka chitsulo chokokera madzi. Chatsopano chilipo kosungira katundu ku boma, ndinachigwira ndi manja angawa. Koma lamulo likuti sichituluka pokhapokha pempho litachokera pa imelo ya ntchito ya woyang'anira dera, amene ndi ineyo. Mvula ikangoyamba, lole sikwera msewu wathu mpaka anthu atakolola, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana. Ndiye ndati nthawi isanathe ndikuthokozeni pa zinthu izi.

1. Zikomo potigawa pawiri. Munatifotokozera bwino kuti seva, makina osunga makalata athu aja, ili ndi anthu ake enieni amene imawadziwa, inuyo a ku likulu, ndiye pali ife amene munangotipatsa bokosi la makalata, mayina athu n'kuwalemba pambali. Kuno timangoti a m'nyumba ndi a pakhonde. Wa m'nyumba akaiwala pasiwedi amadzisinthira yekha uku akumwa tiyi. Wa pakhonde amadikira kuti amukumbukire. Sindikudandaula ayi, pakhonde pamapita kamphepo.

2. Zikomonso potinolera ubongo. Pasiwedi izikhala ndi chilembo chachikulu, nambala ndi kachizindikiro kokhota, izisintha mwezi ndi mwezi, ndipo isafanane ndi yakale. Ndinayamba ndi mayina a ana anga, ndinadutsa kwa azakhali onse, pano ndili pa mbuzi za aneba.

3. Apa ndiye ndikuwomba m'manja. Ku Katuli malire ali pafupi, ndipo foni ya munthu ikatopa ndi netiweki yathu imangogwira ya ku Mozambiki osatsanzika. Aliyense kuno amadziwa zimenezi, ngakhale wogulitsa zitumbuwa. Tsiku lotumiza pempho lija ndinakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene tonse timasakira netiweki, n'kulemba pasiwedi yanga molondola, kachizindikiro kokhota ndi zonse. Seva yanu inaona munthu akulowa kuchokera kunja kwa dziko, inati iyi ndi mbava, basi imelo yanga khoo, yatsekedwa! Ndisaname, ndinanyadirako pang'ono. Chibadwire sindinakhalepo ndi pasipoti, koma mwa chisomo chanu ndinapita kunja nditaima pachulu, nditavala masilipasi.

4. Pomaliza ndiyamike njira yanu yotsegulira. Makinawo anandilonjeza mwaulemu kuti malangizo onse anditumizira, ndipo anawatumizadi, ku imelo yotsekedwayo. Nditaimba foni ku ofesi ya ku boma anati ndibwere ndekha ndi chitupa cha unzika, aone ngati ndinedi Mmalawi. Ndinakwera njinga yamoto ya a Mustapha a kabaza, ndipo msana wanga ukukumbukirabe dzenje lililonse. Nditafika anandiona nkhope, anavomereza kuti ndine ndemwe, kenako anandiuza kuti a pakhonde amatsegulidwa ndi chala chanu chokha. Inu munali ku semina kunyanja, cha ku Nkope, mukuphunzitsa anzanu za kufikira anthu akumidzi pogwiritsa ntchito luso lamakono. Ndinaganiza zokutsatirani, koma ndinaopa kusokoneza phunziro lofunika chotero.

Musaganize kuti ntchito yanu sikuoneka kuno. Chitetezo chanu n'chokhwima moti palibe mbava imene yaba chitsulo chija, ndipo ngakhale eni ake alephera. Mayi Asiatu, wapampando wa komiti ya mjigo, amabwera m'mawa uliwonse kudzandilonjera. Poyamba ankafunsa kuti zafika pati. Masiku ano amangoyang'ana foni yangayo, n'kupukusa mutu, n'kunyamula ndowa yawo kulowera kudambo kumene ng'ombe zimamwera. Kumzikiti azibambo akuchita kugawana kabotolo kamodzi ka madzi osamba asanaswali. Ndinayesa kuwafotokozera za seva, iwo anafunsa ngati seva ameneyu ali ndi ana. Apa pokha ndinene mosazungulira, Bwana: ndikuchita manyazi kudutsa pamsika, ndipo ndili ndi mantha, chifukwa ana ena ayamba kale kutsegula m'mimba.

Sindingayerekeze kukupemphani kuti munditsegulire, ndikudziwa chala chanu chili ndi zochita zambiri. Sindingatsutsanenso ndi makina okwera mtengo ngati amenewo. Ngati akuti tili ku Mozambiki, ndiye kuti ndi ife amene tinasokonezeka. Pempho langa lodzichepetsa n'lakuti mutilembere kakalata kotsimikizira zimenezi, mudindepo chidindo cha bungwe, kuti Mayi Asiatu ndi anzawo akapemphe chitsulo kwa eni athu atsopanowo mvula isanagwe. Mukakhala ndi mpata, kabweretseni nokha kakalatako. Tidzakuyalirani mkeka pamthunzi, ndipo monga mwa ulemu wa kuno, tidzayamba takupatsani madzi akumwa, omwewo amene ana athu akumwa.

Ndine wanu womvera nthawi zonse,

Tikhala Sambani
Woyang'anira mijigo, Katuli