Chule wa Miyendo Itatu M'nyumba ya Azakhali

Mpaka lero ndikaona mchere uli m'sosala, osati m'botolo mwake, mtima umandigunda. Amuna anga amaseka ndikawafotokozera chifukwa chake. Iwo angaseke, panalibe tsiku lija. Ine ndinalipo, ndipo ndinali nditanyamula thireyi ya mandasi.

Ndinafika ku Mangalande m'zaka za m'ma 2000, ndili mtsikana wongomaliza kumene Fomu 4 pa sekondale yoyendera ya kwathu ku Mchinji. Ananditenga ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, amene anali namwino pachipatala china chachikulu ku Birmingham. Kumpingo ankawatchula kuti Mayi Kamanga. Ponditsanzika, bambo anandiuza chinthu chimodzi chokha: ndisakawachititse manyazi azakhali. Mawuwo ndinawasamala ngati dzira. Ndinkadzuka woyamba m'nyumba, ndinkagwada popereka madzi (ana a azakhali ankathamanga kudzandidzutsa, akuyesa kuti ndagwa), ndipo munthu akandiponda phazi m'basi wopepesa ndinkakhala ine.

Masiku ena ndikaweruka kukoleji ndinkapita ku Oldbury kukakonza m'nyumba mwa mayi wina wachizungu wachikulire, Mayi Doreen, amene ankakhala okha ndi mphaka. Iwo anali okonda kulankhula, ine wokonda kuvomera, choncho tinkagwirizana kwambiri. Tsiku lina ndinachotsa galasi lawo pakhoma kuti ndipukute, ndi kulipachika pa msomali wina. Mayi aja anatsala pang'ono kukomoka. Anandikhazika pansi, nandithirira tiyi, n'kuyamba kundiphunzitsa za chinthu chotchedwa feng shui, chimene anachiona pa TV. Anati ndi nzeru zakale za ku China za kasankhidwe ndi kayalidwe ka nyumba. M'nyumba, anatero, mumayenda mphamvu ina ngati kamphepo. Imalowera pakhomo ndi kuzungulira zipinda. Ikayenda bwino anthu amagona tulo ndipo amamvana. Ikatsekeka kapena ikathawa, anthu amatopa ndi kumangokangana.

Mundimvetse. Zimenezi akanandiuza munthu wakwathu, ndikanadzuka ndi kukauza abusa. Koma anandiuza ndi mzungu wovala magalasi, tikumwa tiyi m'makapu a maluwa. Ine ndinaziika m'gulu la sayansi, pamodzi ndi katemera ndi kusamba m'manja.

Nthawi imeneyo azakhali ankafuna nyumba yogula cha ku Longbridge, kumene fakitale ya magalimoto inali itatsekedwa kumene. Pokaona nyumba ankanditenga kuti ndizigwira ana, koma ine ndinali ndi ntchito yanga m'mutu. Mayi Doreen anali atandichenjeza kuti nyumba yoipitsitsa ndi ija yoti ukatsegula chitseko umakumana ndi masitepe, chifukwa mphamvu yonse imatsetsereka ndi kutulukira panja. Nyumba yoyamba, masitepe pakhomo. Yotsatira, masitepe pakhomo. Ndinayamba kudabwa kuti anthu a ku Birmingham akhala bwanji ndi moyo zaka zonsezi. Imene azakhali anaikonda ndiye inaonjeza: masitepe pakhomo, chimbudzi pamwamba penipeni pa masitepewo, komanso msewu wolunjika pachitseko ngati muvi. Anandifunsa kuti ndikuiona bwanji. Ndinati ndi yokongola kwambiri. (Kwathu mwana sanyoza nyumba imene akulu aikonda, ngakhale denga likudontha.)

Tinasamuka, ndipo zinthu sizinayende bwino. Azakhali ankagwira manaiti motsatizana. Ankabwera m'mawa miyendo itatupa, koma masana tulo osabwera. Amuna awo, Ankolo Kamanga, ntchito yawo ya kuweyahausi ku Coventry inali yodukaduka, ndipo awiriwo anayamba kukangana pa zinthu zopanda pake: za bini, za hita, za amene wasiya magetsi akuyaka. M'mawa wina ndinapeza azakhali atakhala pa sitepe ya pansi, yunifolomu ili m'thupi, nsapato imodzi ili m'manja, akulira mwakachetechete. Atandiona anati ndi chimfine. Munthu wanzeru akanaona mayi wotopa. Ine ndinaona kuti akhala pa masitepe.

Nditawafotokozera Mayi Doreen, anamva chisoni kwambiri, komanso ndikuganiza kuti anasangalala pang'ono kupeza wodwala. Anandilongedzera zinthu m'jumbo: kagalasi ka makona ambirimbiri, ndi chule wachitsulo wa miyendo itatu, wa maso ofiira, ataluma kakobiri. Anati ndiike mchere m'makona a zipinda kuti uyamwe mpweya woipa, ndimange nsalu yofiira pa paipi ya chimbudzi, ndipo bedi la azakhali lisaloze mapazi kuchitseko.

N'chifukwa chiyani sindinawauze azakhali? Ndadzifunsa kambirimbiri. Ndinkaopa kuoneka ngati ndikunyoza nyumba yawo. Ndiponso (ndinene zoona) ndinkafuna kuti tsiku lina adzanene kuti, chibwerereni mwana wa achimwene, m'nyumba muno muli mtendere.

Ndinayamba ndi bedi. Ndinalikoka ndekha, msana kuchita kulira, mpaka kukhoma lina. Azakhali atafunsa ndinati ndimachotsa fumbi kunsi kwake, ndipo anali otopa kwambiri moti sanafunsenso. Kagalasi ndinakapachika pamwamba pa chitseko cha chimbudzi, pamene munthu sayang'ana. Chule ndinamubisa kuseri kwa nsapato pakhomo. Nsalu yofiira ndinaing'amba ku chitenje chakale cha azakhali chimene ndinachipeza m'thumba la sanza. Mchere ndiye ndinauchitira ulemu. Ndinaona kuti zinthu zofunika chotero siziikidwa m'mbale ya pulasitiki, ndiye ndinatenga masosala abwino a m'kabati ya galasi, aja a mzere wagolide, ndi kuwabisa kuseri kwa makatani. Ndinali mwana wosamala zinthu.

Chimene ndinaiwala n'chakuti nyumba yatsopano imapemphereredwa.

Loweruka lina masana anthu a kumpingo anadzaza nyumba, Amalawi ndi a ku Zambia, ambiri mwa iwo manamwino ndi mabanja awo. Mwambo wake unali woti abusa amatsogola chipinda ndi chipinda, anthu akuimba pambuyo, ndipo paliponse amaima ndi kupemphera. Pagulupo panali Mayi Zulu a ku Chipata, mnzawo wa azakhali m'gulu la amayi, munthu wosadutsa nsalu osaigwira. Nyimbo ili mkati pabalaza, iwo anatambasula dzanja kuti amve ngati katani ndi yolemera. Anaikoka pang'ono, n'kusiya kuimba. Amene anali pafupi nawo anasiyanso. Nyimbo inafa pang'onopang'ono mpaka anatsala akuimba ndi ankolo okha, maso ali chitsinzinire.

Abusa anali munthu wodekha. Anayang'ana sosala ija nati tisachite mantha, mwina eni nyumba akale ndiwo anasiya zimenezi potsirika nyumba yawo. Anthu anawamvera chisoni azakhali. Ena anati n'chifukwa chake akhala akuoneka ofooka. Mapemphero anakwera, ndipo anthu anabalalika m'nyumba monse kukasaka. Kuchipinda cha ana kunatuluka mchere. Kukhitchini, mchere. Bambo wina wamtali anatsika ndi kagalasi atakakulunga m'tishu. Mayi wina anabwera ndi kansalu kofiira atakapana ndi zala ziwiri. Chule anapezedwa ndi ankolo eniake pamene ankasuntha nsapato, ndipo ankolowo analumpha mpaka sitepe yachitatu. Anamunyamula ndi chopanira nyama.

Zonsezo anaziyala pa nyuzipepala pakati pa balaza. Ine ndinali chiimire pakhomo la khitchini ndi thireyi ya mandasi. Ndinadziuza kuti eni nyumba akale aja ali kutali, mlanduwu sungawapweteke, ausenze basi. (Ngati mukuwerenga, inu amene munkakhala m'nyumba ija, pepani.)

Koma Mayi Zulu anawerama n'kuyang'anitsitsa. Sanalankhule mwachipongwe, analankhula ngati munthu amene akufuna kuti wina amutsutse.

"Mayi Kamanga, masosala awa si aja tinakupatsani ife amayi?"

Kenaka mayi amene anapana kansalu uja ananena motsitsa mawu kuti chitenjecho akuchidziwa, azakhali ankachimanga kumutu pophika kumaliro. Ankolo anatembenukira kwa azakhali pang'onopang'ono.

"Mayi a Tamanda, ndi bedi lomwe lija linasuntha lokha?"

Kumbuyo kwanga ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti anthu ena nyumba amagula msanga, tisamangodabwa. Aliyense wakwathu akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Pofika mawa lake akanamveka ku Coventry, ndipo sabata isanathe akanafika ku Mchinji pa foni: Mayi Kamanga ndi okhwima. Mayi amene anali kutsogolera gulu la amayi, amene ankasambitsa anthu odwala usiku wonse. Ndinawayang'ana azakhali. Sanadziteteze ngakhale pang'ono. Nkhope yawo inali ija ya pa masitepe.

Ndinaika thireyi pansi, ndinagwada pa kapeti, ndi kunena kuti ndine. Mawu anatuluka aang'ono moti abusa anandipempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza, n'kuyamba kufotokoza za mphamvu yolowera pakhomo, za masitepe, za msewu wonga muvi. Ndinanenetsa kuti si zamatsenga, ndi sayansi ya ku China. Ndikulankhula choncho maso anga anagwera pa nyuzipepala paja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaziona monga mmene mayi anga akanazionera: mchere, nsalu yofiira, galasi, chule wa maso ofiira. Kunangosowa mchira wa fisi.

Abusa anandifunsa mofatsa. "Mwanawe, usaope. Sing'anga amene wakupatsa zimenezi amakhala kuti?"

"Ku Oldbury, abusa. Ndi mzungu. Ali ndi mphaka."

Za mphakazo sindikudziwa chimene ndinazinenera. Namwino wina wachitsikana analephera kudzigwira, anaseka mpaka kukhala pansi. Atapuma anati zimenezo zimaonetsedwa pa TV masana, ndipo kuwodi kwawo kuli sisitala wina amene ali ndi chule wotereyu patebulo pake. Anthu ena anaseka nawo, ena anali asanatsimikize ngati n'zoseketsa. Abusa sanaseke. Anandifunsa chimene ndinachitira zonsezi.

Apa ndiye ndinalakwa kachiwiri, chifukwa munthu wamanyazi akayamba kulankhula sadziwa polekezera. Ndinati azakhali sagona. Ndinati miyendo imawatupa, m'nyumba mulibe mtendere, ndipo ndinawapeza akulira pa masitepe nsapato ili m'manja. Ndinaulula za m'nyumba pamaso pa mpingo wonse, mandasi ali pambali panga.

Kuseka kunatha. Ankolo anayang'ana pansi, chopanira nyama chikadali m'manja. Amene anayamba kusuntha ndi Mayi Zulu. Anapita kukakhala pafupi ndi azakhali, nawagwira dzanja, nanena kuti iwo amalirira m'galimoto pamalo oimika magalimoto kuchipatala, asanapite kukatenga ana kusukulu. Mayi wina anati iye amalirira m'bafa, madzi akutuluka kuti ana asamve. Abusa anatitulutsa ife ana ndi abambo omwe, ndipo amayiwo anatseka chitseko cha pabalaza. Anakhalamo nthawi yaitali, mpaka tiyi anazizira. Zimene anagwirizana ndinaziona pambuyo pake: masiku amene azakhali achokera kunaiti, ana ankapita kwa Mayi Zulu, ndipo ankolo anaphunzira kumene bini imakhala.

Abusa asanapite anandiitanira pambali nandiuza kuti chikondi changa achiona, koma Mkhristu satetezedwa ndi chule, kaya wa ku Mchinji kaya wa ku China. Zinthu zija zinapita m'bini, kupatula masosala.

Alendo atapita ndinayamba kutsuka mbale ndikudikira kuuzidwa tsiku la ndege. Azakhali analowa kukhitchini n'kuima pafupi nane. Ndinati ndipita pompano kukabweza bedi pamalo pake akale.

"Bedi usalikhudze," anatero. "Kumene unaliika dzuwa silindiwomba kumaso. Koma ukadzandiikiranso mchere m'masosala anga, ndidzakutumiza kwa bambo ako pa basi."

Lamulungu bambo anaimba foni kufunsa ngati ndikumvera. Ndinali pa masitepe ndikumvetsera. Azakhali anati mwana ali bwino, ndi waulemu, kungoti amaononga mchere.

Ndikanakonda kunena kuti nkhani inathera pomwepo. Patapita masabata angapo, titatuluka m'tchalitchi, Mayi Zulu anandikokera kuseri kwa galimoto yawo. Anayang'ana uku ndi uku kuona ngati abusa ali pafupi, n'kundinong'oneza kuti iwo za achule safuna kumva, koma bedi lija, mapazi asaloze kuti?

Ndinayenera kukana. Ndinali nditalonjeza Mulungu, abusa ndi azakhali. Koma anali munthu wamkulu, ndipo anandifunsa mwaulemu. Loweruka lotsatira ndinakwera basi kupita kwawo kukakoka bedi.