Bwato Lilibe Mabuleki

Mukadzafika kumudzi kumene ndimaphunzitsa, cha kuno kwa Makanjira, musadzavutike kufunsa dzina langa. Mudzangoti, "Aphunzitsi a beseni aja amakhala pati?" Aliyense adzakulozerani, ndipo ena adzakuperekezani n'cholinga choti akufotokozereni m'njira. Zaka ziwiri zatha koma dzinali lakana kufufutika, ndiye ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi muimve kwa mwiniwakene, chifukwa amene amaifotokoza kudoko amathiramo mchere wambiri.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, kumene madzi ambiri amene ndinawaona ndili mwana ndi a m'dimba lothirira kabichi. Atanditumiza kuno ndinalira, misozi yeniyeni, ndili pamwamba pa lole nditakumbatira matiresi. Koma patatha chaka malowa ndinawakonda. Anthu ake ndi ochezeka, ana ndi anzeru, ndiwo sizisowa. Vuto linali limodzi basi, dzina lake Edina.

Edina ndi telala. Nthawi imeneyo anali ndi kashopu pa Dedza boma, ndipo chinkhoswe chathu chinali chitachitika kale. Koma anandiuza mosapsatira kuti, "Ndibwere ndidzaone kaye. Ndikapanda kukonda, ukwati udikira mpaka akusamutseni." Amene mumadziwa m'mene kalata yopempha kusamuka imayendera, mwamva kale kuti mawu amenewa amatanthauza kukwatirana tili ndi imvi.

Ndiye ndinayamba kampeni pa foni. Ndinamuuza za mchenga woyera, za chambo chowotcha, za kuti kuno juzi timangoiona pa zithunzi. Zonsezi zinali zoona. Kenako pakamwa panathamanga. Ndinati masiku ano ndimapalasa bwato ndekha. (Zoona zake n'zakuti ndinakwerapo kawiri, ndipo kawiri konseko ndinakhala pakati nditagwira m'mbali, Che Bwanali, msodzi amene ndayandikana naye nyumba, akupalasa, ine ndikupemphera chamumtima.)

Edina anafika Lachinayi pa tchuthi, fumbi mpaka m'nsidze. Potsika lole mawu ake oyamba anali akuti, "Kodi kuno anthu amabwera mwadala?" Ndinangoseka. Ndinakamusiya kwa aphunzitsi aakazi a sitandade 2 (ndife anthu a mpingo, musandiyang'ane choncho) ndipo ndinakonza pulogalamu ya mawa lake papepala, yolembalemba mizere ndi rula. Kumapeto kwenikweni ndinaika chida changa chachikulu: mwala wa nkhwazi. Ndi thanthwe lili m'madzi kapatali ndithu, pamene nkhwazi zimatera ndipo madzi ake ndi oyera moti tinsomba tamitundumitundu umationa mpaka pansi. Ndinati Edina akangoona pamenepo basi, nkhani yatha. Za kupalasa ndinali nditakonza kale: tipita ndi Che Bwanali, ine ndinena kuti phewa likundipweteka.

M'mawa tinayambira pa mlambe waukulu wa mphako, momwe anthu asanu amabisalamo mvula. Edina anauyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Mtengo," anatero.

"Koma kukula kwake!"

"Ku Dedza kulinso mitengo, bambo aphunzitsi."

Tinapita kumathandala kumene amayi amayanika usipa. Ine ndili kalikiliki kufotokoza kusiyana kwa usipa wofutsa ndi wongoyanika, iye maso ali pa amayiwo. Anandinong'oneza kuti, "Madiresi awa amawasokera ndani? Mapewa onse apendekera mbali imodzi." Sindinalabadire. Edina ndi munthu woti tepi yoyezera sichoka m'chikwama mwake ngakhale popita kumaliro, ndiye ndinangoti ndi matenda ake aja.

Pa khoka ndi pamene anamwetulirako. Kuno aliyense wogwira chingwe pokoka khoka amapatsidwa ya ndiwo, kaya ndi mlendo kaya ndani. Edina anavula nsapato n'kugwira nawo, ndipo atamuthirira utaka m'manja onse awiri anandiyang'ana ngati mwana wopatsidwa switi. Mtima wanga unati eya, zayamba kuyenda. Tiyeni tsopano kumwala.

Tinafika padoko la abambo dzuwa lili pamutu. Zii. Mabwato ali ndandanda pamchenga, popanda munthu ndi mmodzi yemwe. Ndisanamvetse, ndinaona Che Bwanali akudutsa atavala mkanjo woyera ndi chisoti, akuyenda mofulumira.

Lachisanu! Chaka chathunthu ndakhala m'mudzi wa Asilamu, ndikudziwa bwinobwino kuti Lachisanu masana bambo aliyense amakhala kumzikiti, koma pa pulogalamu yanga ya rula ija ndinaiwala chimenechi.

"Aphunzitsi, lero Ijumaa," anatero Che Bwanali. "Tiswali kaye, tinyamuka cha m'ma 2 koloko."

Ndinali nditayamba kale kusisita phewa pamene Edina anayankha mwaulemu wake wonse kuti, "Musavutike bambo, pitani mukapemphere. Awa amapalasa okha."

Che Bwanali anandiyang'ana nthawi yaitali. "Amapalasa?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaulula. Ine ndinati, "Pang'onopang'ono."

"Chabwino. Nkhafi ndi iyo. Koma kamphepo aka kakukankhira kumabango. Kumabango ayi, aphunzitsi. Mwamva?"

Ndikufotokozereni za kumabango. Mudzi uno uli ndi madoko awiri, la abambo ndi la amayi, ndipo pakati pake pali mabango owirira. Mwamuna akafuna kudutsa kanjira ka kufupi ndi doko la amayi amaima patali n'kufuula kuti, "Odi kumadziko!" Akayankha kuti "Dutsani!" amadutsa maso ali pansi. Akati "Imani kaye!" amatembenuka n'kupereka msana, n'kudikira ngakhale nyemba zipse. Ndipo Lachisanu masana, abambo onse ali kumzikiti, ndi nthawi imene amayi amasamba ndi kuchapa momasuka kuposa tsiku lina lililonse. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinkaziphunzitsa ndi alendo omwe.

Tinakwera. Edina kutsogolo, chikwama pamiyendo, ine kumbuyo. Ndinaviika nkhafi kumanja, ndinakoka. Bwato linayenda! Ndinaviikanso kumanja, ndinakokanso. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi asodzi amanyadira chiyani, zinthu zophweka ngati izi.

"Bwanji tikuonanso mlambe uja?" anafunsa Edina.

"Ndikukuonetsani mudzi mbali zonse."

"Aka n'kachitatu."

Ndinasinthira kumanzere. Bwato linayamba kuzungulira mbali inayo. Ndinabwerera kumanja mwamphamvu, madzi anathovokera pamsana pa Edina, ndipo m'kulimbana kumeneko nkhafi inapulumuka m'manja n'kuyamba ulendo wakewake. Tinaiyang'ana tonse awiri ikupita.

"Imeneyonso ndi mbali ya pulogalamu?"

Koma makutu anga anali atamva chinthu china. Phwa! Phwa! Zovala zikumenyedwa pamwala. Kuseka kwa amayi. Wina akuimba nyimbo ya Chiyao. Kamphepo kaja kanali katatinyamula bwinobwino, ndipo nsonga ya mabango inali ikuyandikira.

Ndinachita zimene mwamuna woleredwa bwino amachita. Ndinafuula ndi mawu onse a pa asembule: "Odi kumadziko!"

Nyimbo inaduka. Mawu anabwera kuseri kwa mabango: "Imani kaye!"

"Odi! Odi amayi!"

"Tati imani kaye!"

"Silikuima!"

Abale, bwato lilibe mabuleki. Ndinayesa kupalasa ndi manja, ndinayesa kugwira bango, linathyoka. Titangokhota pansonga paja ndinatsinzina kolimba. Mkuwo umene unamveka pamenepo sindidzauiwala. Ena akuthamangira zitenje, ena akudziponya m'madzi, ndowa zikugundana. Ndiye mutu wanga unakumbuka gawo lachiwiri la mwambo, lakuti mwamuna apereke msana. Ndinaimirira m'bwato kuti nditembenuke.

Munthu saimirira m'bwato la mtengo atatsinzina. Chubwi!

Ndinamwa madzi okwanira kuthirira bedi lonse la kabichi. Ndinkamenya manja uku ndi uku ndikukuwa kuti, "Ndikufa ine! Edina, dzipulumutseni! Mukawauze amayi ku Dedza!" Koma maso osatsegula. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti kufa ndifa, koma sadzanena pamaliro anga kuti aphunzitsi anasuzumira amayi a ana awo a sukulu.

Kenako dzanja lolimba linandigwira kolala. "Aphunzitsi. Aphunzitsi! Pondani pansi."

Mawuwo ndinawazindikira. Anali Abiti Yusufu, wapampando wa gulu la amayi la pasukulu pathu, munthu amene ndimakhala naye pa misonkhano nditamanga tayi. Ndinaponda pansi. Madzi analekeza m'chiuno.

Kunagwa phwete loti ngakhale kumzikiti ayenera kuti analimva. Ndipo pakati pa kuseka konseko ndinamva kuseka kumodzi kumene ndimakudziwa bwino. Edina, amene anagwera nane limodzi m'madzimo, anali ataimirira kalekale, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola.

"Maso amenewo asatseguke," anatero Abiti Yusufu. Ndinamva chinthu chozizira chikutera pamutu mpaka m'mapewa. Beseni lachitsulo lochapira, likununkha sopo. Anandigwiritsa nsonga ya chitenje. "Gwirani apa, muzinditsata. Mlendoyu tisiyireni, timusamalira ife. Beseni musavule mpaka nditanena."

Ndinatsatira ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinkangoona mapazi anga ndi mchenga. Mchenga unatha, tinalowa m'kanjira, kanjira kanatha, tinafika pouma, mayi aja osanena kanthu. Ndinayamba kudabwa kuti doko la amayi lakula liti chonchi. Kenako ndinayamba kuona mapazi ena. Mapazi ambiri, a abambo, akuvala masilipasi, m'mphepete mwa mikanjo yoyera mukulendewera. Abiti Yusufu anali atandiyendetsa mudzi wonse mpaka pakhomo pa mzikiti, pa nthawi yeniyeni yotuluka. (Mpaka lero amati anangoiwala kundiuza. Ine sindikhulupirira.)

Wina anagogoda pabeseni. Ngo, ngo, ngo.

"Odi m'nyumbamo," anali mawu a Che Bwanali. "Bwato langa lili kuti?"

Bwato linapezeka, nkhafi inapezekanso m'mabango. Chimene ndinkaona kuti sichipezekanso ndi ukwati wanga. Ndinakhala pakhonde ndi zovala zonyowa, pulogalamu ija itasanduka phala m'thumba. Ndikuuzeni zoona, manyazi a beseni sanandipweteke kwambiri. Chinandipweteka n'chakuti Edina wandigwira bodza pamaso pa mudzi wonse, ndipo mudzi umene ndinkafuna aukonde wamulandira pomugwetsera m'madzi. Ndinayamba kulemba m'mutu kalata yopempha kusamuka.

Ola linatha, lachiwiri, lachitatu. Cha m'ma 4 koloko ndinamuona akubwera, atavala chitenje chobwereka ndi mpango kumutu, amayi atatu akumuperekeza. Tepi ija inali pakhosi. M'manja anali ndi chikatoni chong'ambika cholembedwa manambala mbali zonse.

Ndinaimirira. "Edina, ndinanama. Sinditha kupalasa. Pepani."

"Zimenezo ndinadziwa pa mlambe wachiwiri," anatero. "Khalani pansi. Mukudziwa kuti mudzi wonsewu ulibe telala wamkazi?"

Sindinkadziwa. Ndikanadziwira kuti?

"Amayiwa amapita kwa telala wamwamuna ku Makanjira, ndipo salola kuti awayeze. Iye amangoyeza ndi maso ali patali. N'chifukwa chake mapewa aja. Atangoona tepi ikuuma padzuwa anandizungulira. Ndayeza anthu mpaka katoni yadzaza, ndipo ena akuti abwera mawa. Chikondwerero cha Idi chikubwera, aliyense akufuna diresi." Ankayankhula mofulumira, maso akuwala kuposa m'mene anawalira pa utaka paja. "Andidyetsa, andiphunzitsa moni wa Chiyao, andiuzanso nkhani zanu zonse. Chaka chonse mukundiuza za mchenga ndi nsomba, osandiuza kuti kuno kuli anthu?"

Ndinati, "Ndiye kuti..."

"Ndibwera. Makina anga tidzawakulunga bulangete pa lole paja."

"Ngakhale ndili wabodza?"

Anayang'ana amayi aja, onse n'kuyamba kuseka. "Abiti Yusufu andiuza kuti, 'Mwanangu, uyu kupalasa satha, kusambira satha, koma amafuna kufa osatsegula maso. Mwamuna wotere usamusiye.'"

Misozi inalengeza. Ndinanamizira madzi a m'nyanja, ngakhale kuti ndinali nditauma kalekale.

Tinakwatirana chaka chomwecho. Lero makina a Edina amalira pakhonde kuyambira m'mawa, ndipo mapewa a m'mudzi muno anawongoka. Chiyao amachiyankhula kuposa ine. Kupalasa anaphunzira kwa anzake kudoko komwe kuja, ndipo mwala wa nkhwazi anakandionetsa ndi iyeyo, ine nditakhala pakati nditagwira m'mbali. Ndi malo okongola zedi, mudzapiteko. Beseni lija Abiti Yusufu anatipatsa ngati mphatso ya ukwati, pamaso pa anthu onse, ndipo ndinalilandira ndi manja awiri.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo za kuthamanga pakamwa. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma sabata yatha mlamu wanga anaimba foni kuchokera ku Dedza, ndipo sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, ndinangodzimva ndikumuuza kuti kampango amene timadya pano ndimawedza ndekha. Wasangalala kwambiri, wati abwera pa tchuthi kuti ndidzamuphunzitse. Ndayang'ana kale pakalendala kuti lisakhale Lachisanu.