Apongozi pa Handulo

Lolemba
Ndili ku sukulu ya ukachenjede ku Joni, ndinaona makaniko wina akuyesa mphamvu ya injini ndi chala chokha. Ndinati n'zosavuta. Ndimatero ndi zinthu zambiri ndisanazigwire.
Galimoto yakale imene ndinagula kwa mzungu wa fodya ikulephera chitunda cha kuseri kwa mudzi. Loweruka mlamu wanga Esitere akukwatiwa ku Kachebere, ndipo ndinalonjeza kumunyamula. Pa chikamwini pano, ine mphunzitsi khasu linandikana. Galimotoyi ndiyo yokha imene ndingaonetse.

Lachiwiri
Dongosolo:
kuchotsa mapulagi onse anayi;
kutseka bowo la silinda ndi chala chamanthu;
wina apukuse handulo yolizira injini.
Silinda yamoyo ikankha chala, yotopa ingopuma.
Wopukusa palibe. Amuna onse akukumba mtedza, ndipo mkazi wanga Naphiri ndi woyembekezera.

Lachitatu
Apongozi aakazi adzipereka. Mikono yawo inakulira pa mtondo. Koma mwambo: sitiyang'anizana, sitilankhulana. Ine mutu m'boneti, iwo nkhope kumbali, Naphiri pakati.
Ndikuti, "Tiyeni." Naphiri akuyamba wagwada: "Amayi, akuti kapena mungayambeko." Mawu akamafika, ine ndachotsa kale chala, ndikudzifunsa ngati ndatseka bowo loyenera.
Silinda yoyamba: sindikudziwa.

Lachinayi
Tapangana zotsokomola. Kamodzi, apukuse. Kawiri, aleke. Fungo la petulo landitsokomoletsa kosawerengeka. Apongozi akupukusa, akuleka, akupukusanso.
Kiyi ndinaiwala kuzimitsa! Waya wandimenya moto m'chigongono, ndipo ndatulutsa mawu amene sindinawaphunzire ku sukulu iliyonse.
"Akuti zikomo kwambiri," watero Naphiri.

Lachisanu
Zatheka. Yoyamba, yachiwiri ndi yachinayi zikukankha bwino. Yachitatu ikungopuma, ngati ine. Ndathiramo supuni ya oyilo, osasintha. Ndiye kuti vuto ndi valavu, kachitseko ka m'silinda, ntchito ya amakaniko a ku tauni ya Fort Jameson. Basi, iyende ndi masilinda atatu.
Ndabwezera mapulagi. Mawaya ndi anayi. Uti anali pati? Sabata yonse ndalemba za mumtima mwanga, za mawaya ayi.

Loweruka
Poyamba inkalephera chitunda. Tsopano siikulira n'komwe.
Esitere wapita pa ngolo, ine pambuyo ndi ambulera. "Alamu, musadandaule, ng'ombe zilibe mapulagi." Anthu aseka. Nanenso ndayesako.

Lamulungu
Apongozi atumiza mbale ya mtedza kudzera mwa Naphiri: "Uwauze kuti chala chawo chinayesetsa. Mkamwini wondipatsa chopukusa sindinamuonepo."
Ndadya pang'onopang'ono, maso pansi.
Aitanitsanso Che Amidu, oyendetsa lole ya sitolo ya pa Kamwendo. Che Amidu akuti, "Aphunzitsi, mawaya ndikonza. Ndipatseni zimene munapeza poyesa, ndikagule valavu."
Zotsatirazo zili m'masamba omwe ano, zosakanikirana ndi manyazi anga. Ndikanakopera pena, koma dzanja lawo latambasuka kale, ndipo ndatopa kuoneka wodziwa.
Ndikuwapinda panayi.
Nawa, Che Amidu. Za Lachinayi mudumphe.