A Jaffalie Sankakhudza Nyama Yoimirira

Ku Chowe ngakhale mwana ankadziwa kuti malemu a Jaffalie, dokotala wa ziweto, sankakhudza nyama yoimirira. Ng'ombe inawaponda pachifuwa ali mnyamata, ndiye ngakhale uwaitane kudzaona nkhupakupa chabe, ankayamba apisa mkono pampanda wa khola n'kubaya jakisoni wofewetsa minofu. Nyama ija inkangoti khwefu, pansi ngati thumba la madeya.

"Ifewe kaye, tikambirana," ankatero ali kuseri kwa mtengo.

Amene ankadana nawo koopsa anali Ajira, mayi wamasiye amene ankadyetsa ana ake ndi ngolo ya ng'ombe. Chidanicho chinayamba ndi mbuzi. Ajira anainenepetsa kuti aigulitse pa Idi, ndipo mbuzi ya nsembe siyenera kukhala ndi chilema. Itabayidwa ndi minga, anaitana a Jaffalie. Ogula pofika anaipeza ili gone, lilime panja.

"Iyi ndi ya Idi kapena ya maliro?" anafunsa mmodzi, onse n'kubwerera.

"A Jaffalie, minga inali kuphazi," anakalipa Ajira. "Inu mwagonetsa mbuzi yonse?"

"Mayi, mbuzi ili ndi nyanga."

"Tinyanga tonga chala changachi?"

"Chala chomwecho chimaboola diso."

Ajira analumbira kuti wallahi, mdala ameneyu sadzapondanso pakhomo pake. Kumjigo, kumsika, ngakhale pamaliro a eni, ankawadya miseche osapuma, eti dokotala wanji woopa ndi mwanapiye yemwe.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Ng'ombe yake yofiira, yotsogolera ngolo, inachekeka ndi waya n'kugwidwa ndi kafumbata. Inauma gwa ngati thabwa, nsagwada zitalumana, udzu osalowa. Ikafa imeneyo ngolo yaima, ana agona ndi njala. Ajira anameza malovu owawa, ulendo kwa mdani wake.

A Jaffalie anabwera pa kabaza, atawonda, akutsokomola. Anabaya wofewetsa uja, kenako wa chilonda, ndipo m'mawa uliwonse ankabweranso mpaka miyendo inayamba kupindika, ng'ombe n'kutsegula kukamwa. Tsiku limene inadzuka yokha, iwo anatuluka m'khola ndi liwiro, chipewa n'kutsalira m'ndowe.

"Musadzitame," anatero Ajira powaponyera chipewacho. "Matendawa angogwirizana ndi mantha anu."

"Zikomo yake ndi imeneyo?"

"Ina mukaipeze kwa mbuzi ija."

A Jaffalie anamwalira Ramadhani itangotha, osayanjana naye. Ajira anapita kumaliro, koma pobwerera anali akudandaulabe za mbuzi.

Masiku ano kumabwera anyamata a panjinga yamoto, olimba mtima, onyamula zingwe. Saopa nyanga, ndipo ntchito amaimaliza msanga. Atabwera kudzasenga ziboda za yofiira ija, anaikola miyendo n'kuigwetsa ndi mphamvu, wina n'kuitsamira pakhosi ndi bondo. Inalira mpaka agalu a mudzi wonse anayankha. Ajira, amene pakamwa pake sipauma mawu, anangoyang'ana kumbali.

"Bwanji mayi, mukuopa?" anaseka mnyamata mmodzi.

"Woopa tinamuika kale," anayankha Ajira akupukuta maso ndi mpango. "Anali wamantha, wamakani, wowononga mbuzi za anthu. Koma ng'ombe yangayi sinalirepo m'manja mwake."