Zala Zinayi Pansi pa Kalavani

Lolemba
Bwana agula kalavani yokagonamo kuchipululu. Nyumba yeniyeni, mphuno yake imakhala pamwamba pa bodi ya pikapu. Akuti pakati pa madalaivala awirife, yemwe aikoke bwino Lachinayi ndiye apite nayo Loweruka. Winayo ndi Yohane, mchimwene wa mkazi wanga, amene ntchitoyi ndinamupezera ine. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili mu Doha, iye miyezi isanu ndi itatu! Ndawauza kale mayi a ana kwathu kuti adikire chithunzi changa ndili pachiwongolero.

Lachiwiri
Timanga hitchi, chitsulo chokolekapo kalavani, pakati pa bodi. Yohane ndi tepi yake, apa kuyeza, apo kuyeza.
"Alamu, pakati pa mphuno ndi mlomo wa bodi pakhale masentimita fifitini. Kuchepera apo zikhulana pa bampu."
Bwana akugwedeza mutu moyamikira: "Mashallah, Yohane."
Ine sanandinenepo mashallah chibwerereni. Mtima ukuwawa, ndisaname.

Lachitatu
Zochita lero:
kubisa tepi (yalowa pansi pa matiresi);
kutsitsa hitchi mabowo awiri, kalavani ikhale yogona bwino ngati pachithunzi, osati yodzikweza ngati mwini tepi;
kusita shati yoyera.
Ndayeza ndi dzanja, zala zinayi zikulowa. Zakwana! Ku Kanengo tinkakoka mathilela a fodya opanda tepi.

Lachinayi
Ndiyamba ndine, monga wamkulu. Kubwerera m'mbuyo kamodzi kokha, chitsulo chaluma, kha! Bwana akuyang'ana. Yohane akuthamanga m'mbali.
"Alamu, taimani kaye, mpata wachepa!"
Nsanje imeneyo, ndikutero mumtima. Ndiponda mafuta. Pageti pali bampu. Matayala akutsogolo akwera, kenako khwee! Mphuno yakhala pa bodi. Mlomo wa bodi ya pikapu yatsopano wapindika, utoto wasupuka mbali zonse ziwiri.
Bwana mawu amodzi okha: "Khalas." Kutanthauza kuti basi, zatha.

Lachisanu
Tsiku lopuma kuno, koma tili pansi pa mphuno kukweza hitchi. Yohane akuyezera botolo la madzi limene analemba mzere wa masentimita fifitini Lachiwiri lomwe lija. Za tepi sakufunsa n'komwe. Wawauzanso bwana kuti bampuyo ndi yoipa, aliyense akanagunda. Munthu wotani wosadziwa ngakhale kunyada? Akanandiseka bwenzi ndili ndi pomudera.

Loweruka
Makiyi ali kwa Yohane. Ine ntchito yanga ndi kuyenda pansi pambali pa pikapu, botolo m'manja, kuyang'ana mpata mpaka adutse geti. Wadutsa, osakhudza ngakhale pang'ono. Watsitsa galasi, wandipatsa foni yake.
"Alamu, tandijambulaniko, muonetse kalavani yonse."
Ndajambula. Chatuluka bwino, mwatsoka. Kuchipululu ndawatsatira pambuyo ndi galimoto yakale, nditanyamula makala ndi nkhosa ziwiri.

Lamulungu
Kuno Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Ana a bwana ndawasiya kusukulu ku Al Sadd, shati yoyera ikununkhabe nkhosa. Mayi a ana atumiza uthenga, ndi chithunzi chomwe chija.
"Bambo a Chisomo, mwawaona achimwene? Mudzi wonse waona! Amene anajambulayo ali ndi luso. Nanga chanu chija chili kuti?"
Ndayankha kuti netiweki ikuvuta. Tepi ndaibweza m'bokosi la zitsulo. Ndisanaibweze ndayeza zala zanga zinayi zija. Masentimita seveni.