Kukwera Khwekhwerere ndi Abambo

Lolemba

Uthenga wafika: madokotala a maso ali kuchipatala cha kumtunda mpaka Lachisanu basi. Akachoka, sabweranso mpaka mvula itatha. Diso la abambo lakumanzere linafa kalekale, lakumanja ng'ala yatsala pang'ono kulitseka. M'mawa uno apereka moni kwa mtengo wa papaya, n'kukwiya kuti sukuyankha.

Akuti sapita. "Mpeni m'diso? Ndine mlamba ine woti azinditumbula?"

Ine mpeni sindikuuopa, diso si langa. Ndikuopa Khwekhwerere. Msewu wa m'phiri uja ndinaukwerapo kamodzi ndili mtsikana, ndipo ndinalumbira kuti sudzandionanso.

Pulani yanga:
1. Kunyamuka Lachitatu, kuti tisakathamangitsane ndi tsiku lomaliza.
2. Galimoto ya a Bizaliele, amene amayendetsa ngati anyamula mazira.
3. Nyimbo za kwaya m'foni. Abambo anaimba besi kutchalitchi mpaka imvi, akamva kwaya mtima umawakhala pansi.
4. Kolona m'thumba.

Mulungu ali nafe. Zitheka!

Lachiwiri

Ndili pa Golomoti kukaikitsa nyimbo m'foni. Ndamuuza mwini shopu momveka bwino: za kutchalitchi, zofatsa, zolimbitsa mtima. Akuti wamva.

Kunyumba ndatsegula kuti abambo alawe. Yoyamba ya maliro. Yachiwiri ya maliro. Yachitatu ndi ija timaimba bokosi likutsika!

Abambo akumvetsera mpaka kumapeto, manja ali pandodo. "Ndiye mwakonzeratu zonse eti?"

Tsopano akugawa katundu. Wailesi kwa achimwene, khasu kwa ine, jekete akuti tidzawaveke m'bokosi. Za ulendo akuti ndisazitchulenso.

Mutu ukundiwawa. Ndapemphera Kolona, koma pakati ndasokoneza kuwerenga.

Lachitatu

Mvula chiyambire m'bandakucha. Ndathamangira kwa a Bizaliele, ndapeza galimoto yakhala pamiyala, matayala awiri palibe. Akuti chitsulo china chikuchokera ku Lilongwe. Liti? Akuloza kumwamba.

Amayi a kumphakati abwera kudzatipempherera. Pemphero labwino ndithu. Kungoti potsazika mayi Nambewe akundigwira phewa: "Limba mtima. Msewu umenewu alamu anga tinangopezako nsapato."

Zikomo kwambiri, mayi Nambewe.

Madzulo abambo agwera m'ngalande pobwera kuchimbudzi. Ndawapeza akupapasa matope kufunafuna ndodo, pamene ndodoyo ili pafupi ndi dzanja lawo. Bondo lasupuka. Ndawasambitsa. Kenako iwo: "Mawa tipite."

Izi sindikuseka nazo.

Lachinayi

Tili pasiteji kuyambira dzuwa lisanatuluke. Abambo avala jekete lija, ine chikwama, zofunda ndi mbatata yophika.

Galimoto zokwera phiri palibe. Akuti lole ya simenti yapingasa pakona ina. Wina akuti aichotsa posachedwa, wina akuti mawa, wina akuti si lole koma phiri lagumuka. Aliyense akulankhula ngati anali pomwepo.

Ndikuwolotsa abambo pachithaphwi, foni phava m'madzi! Yazima. Ngakhale za maliro zija zapita.

Tabwerera kunyumba dzuwa litapendeka. Zomwe zatsala:
tsiku limodzi,
mbatata ziwiri,
Kolona,
pakamwa panga.

Ndayeserera kuimba ndekha kuseri kwa khola. Vuto n'lakuti ku kwaya ndimaimba aluto, ndipo aluto yopanda anzake imamveka ngati munthu akudandaula m'mimba. Mbuzi zasiya kudya n'kumandiyang'ana.

Ambuye, tsiku limodzi lokha. Musatichititse manyazi.

Lachisanu

Msewu watseguka! Takwera kagalimoto kamene kapezeka. Mipando isanu ndi iwiri, anthu khumi ndi mmodzi, thumba la usipa, nkhuku zitatu. Dalaivala dzanja limodzi pachiwongolero, linalo pamzimbe.

Kona yoyamba. Yachiwiri. Nkhungu yatsika, kutsogolo sikukuoneka. Kumbali kwanga kuli phompho, mitengo ikuoneka nsonga zokha. Kolona ikuterera m'manja ndi thukuta.

Ndayamba kuimba. Ndikufuna ya chiyamiko, koma m'mutu mukungobwera za Lachiwiri zija, za maliro. Abambo alowetsa besi, yamphamvu ngati kale.

Mayi wa nkhuku: "Sinthani nyimbo amayi, tikadali moyo ife!"

Bambo wa kofia yoyera, amene milomo ikugwedera ndi mapemphero akeake: "Imbani iliyonse, bola musaleke."

Pakona yakuthwa injini zii. Galimoto yayamba kubwerera chambuyo! Dalaivala wataya mzimbe: "Mwala! Wina aike mwala!" Amuna alumpha, nkhuku zikukuwa, ine ndakumbatira abambo n'kutseka maso. Dzina la Yesu ndalitchula kosawerengeka. Abambo sanadule n'komwe vesi.

Mwala wagwira. Takankha, yalira, takwera.

Tafika masana. Mzere wautali, koma tilimo, dzina lalembedwa. Ndagwada pakhonde pomwepo.

Namwino wayeza abambo kuthamanga kwa magazi. Wayezanso. Waitana mnzake. "Kwakwera kwambiri, agogo. Diso sitingaligwire lero." Ndachonderera kuti adikire apume, ndi msewu chabe uwu. Adikira, ayezanso kachitatu. Chimodzimodzi.

Atipatsa mapiritsi ndi kapepala koti tidzabwere mvula ikatha. Ndaona ndi maso anga madokotala akulongedza zida zawo.

Abambo angoti, "Chabwino." Ine ndalirira kuseri kwa thanki ya madzi.

Loweruka

Tagona pachitando cha odikirira odwala. Kumtunda kuno kuzizira kwake! Zofunda zonse ndafunditsa abambo.

Kutsika n'koopsa kuposa kukwera, palibe anandiuza. Mabuleki akununkha ngati mphika wopserera. Chigwa chathu chonse chikuoneka pansi, kutali, ngati ukhoza kungogweramo.

Ndatsegula pakamwa kuti ndiimbe, mawu palibe. Atha dzulo. Abambo akuimba okha njira yonse, dzanja lawo lili pabondo langa, akumenya kayendedwe ka nyimbo ndi zala. Ndikungotsatira mumtima, kona ndi kona.

Tafika pa Golomoti. Ndatsitsa abambo, tauyamba wa kunyumba.

Lamulungu

Misa. Mawu sanabwerere, ndakhala kumbuyo ndi amayi oyamwitsa. Anzanga a kwaya akundicheukira, ndikungowaloza pakhosi.

Diso la abambo lili momwe linalili. Mapiritsi akumwa. Kapepala ndakaika m'Baibulo. Ngati Mulungu wati tikwerenso, tikwera, nanga n'kutani.

Potuluka ndapeza abambo pansi pa mtengo wa mango, azibambo atawazungulira. "Anthu amangokokomeza," akutero. "Msewu uja ngwabwino zedi. Ine sindinaonepo choopsa chilichonse."

Onse akugwedeza mitu.

Ndikuwatsogolera kunyumba, ndodo mbali ino, ine mbali inayo, ndipo nkhawa yatsopano yandigwira. Ulendo winawo, diso likakatseguka, adzatsika phiri lija akuona zonse. Adzatiimbire ndani?