Dzuwa la a Anselmo

Ku Mayani aliyense ankadziwa kuti a Anselmo, olemba zikwangwani za masitolo, amalankhula ndi kalendala. Anawapatsa ndi bambo mfumu a kuparishi, ndipo inali ndi chithunzi chojambulidwa ndi katswiri wina wa ku Ulaya: munda wa tirigu, dzuwa lili phwee.

M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde, mphuno itagunda pepala. "Apa mwatani, akulu? Mthunzi wabuluu? Mthunzi umakhala wakuda!" Ankathamangira kumunda kukasuzumira pansi pa chimanga, n'kubwerako akupukusa mutu. "Monika, munthuyu sanama."

"Ndiye akulimireni yemweyo," ankatero akazi awo.

Anaphunzira kajambulidwe ka katswiriyo zaka zitatu, pamatabwa, pazitseko, mpaka palichero la a Monika. Anasiya kusalaza penti, n'kuyamba kuipaka mokhuthala, mizeremizere. Kenako anajambula phiri la Chongoni pakhoma la tiyirumu ya kumsika, azimayi akutsika ndi nkhuni, dzuwa lofiira litakhala pamsonga. Unkachita kumva kutentha pamasaya.

Tsiku lamsika anatulukira a tcheyamani a chipani ndi anyamata anayi ofunsa makadi. Anayang'ana khomalo nthawi yaitali.

"Dzuwali likutuluka kapena likulowa?"

Tonse tinauma. Dzuwa lotuluka linali pambendera, ndipo wonena kuti likulowa ankakwezedwa galimoto osaonekanso. Mwini tiyirumu anazembera khomo lakuseri.

"Likutuluka, bwana," anatero a Anselmo.

"Nanga nkhunizi? Azimayi amabwera nazo madzulo."

A Anselmo analoza azimayi apakhomawo.

"Awa ndi akhama, bwana. Anamva za chitukuko, n'kulawirira kusanache."

A tcheyamani anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye muikepo tambala."

Tambalayo, chizindikiro cha chipanicho, anatuluka wamkulu kuposa phiri, miyendo yokhota. Mwezi wathunthu a Anselmo ankagona ndi nsapato. Galimoto ikangolira, ngakhale lole ya mbatatesi, tinkawapeza m'nkhokwe.

Kujambula sanasiye, koma kuyambira pamenepo dzuwa ankaliika pamutu penipeni. "La masana," ankanong'ona, "palibe angandifunse."

Anamwalira chimanga chili m'maondo, chipani chikadali chimodzi. Tinaseka pamaliro pokumbukira zonsezi, koma motsitsa mawu. Masiku ano ukamapita kumsika palibenso wokukoka malaya kuti, "Taimani kaye, taonani mmene kwawalira paminda ya nyembayo." Timangodutsa, maso ali pafumbi.